Manja Anga Atakana Kulankhula

Lolemba, 5 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi loyandikana ndi sinki. Ndimayesa angondisinthira mankhwala n'kubwerera ku ntchito, moti ophunzira anga a masana ndinawauza kuti asachoke, tikayeserera kuimika galimoto chobwerera m'mbuyo. Adokotala atandigwira m'khosi ndi m'khwapa anasiya kuseka nthabwala zanga, n'kuitana mnzawo kuti nayenso adzagwire.

Ndikulemba kuti ndisaiwale zomwe akunena, chifukwa zonse ndiyenera kufotokozera mkazi wanga. Iye samva chibadwire, timalankhulana ndi manja. Chikwatiranireni, kubanki, kusukulu ya mwana, kuchipatala, womasulira ndine. Lero ndikumasulira matenda anga omwe.

Zomwe ndauza adokotala: nyamakazi ndakhala nayo zaka zambiri, ya mtundu uja thupi limadziukira lokha m'mfundo. Ndimamwa methotrexate kamodzi pa sabata. Chachilendo ndi kutentha thupi, thukuta lonyowetsa zofunda, lamba amene ndaboola mabowo atsopano, ndi zotupa zolimba, ziwiri m'khosi, chimodzi m'khwapa. Sizipweteka. Ine ndimati kusapwetekako ndi nkhani yabwino. Nkhope zawo zinanena zina.

Kutentha kwa thupi 38.6. Atenga magazi ambiri.

Mkazi wanga wafunsa, "Akuti chiyani?" Ndayankha kuti nyamakazi yomweyi yakwiya, akufuna kupeza mankhwala ena. Adokotala sananene zimenezo.

Lachiwiri, 6 Meyi

Kuno kumacha ndi kangolo ka anesi. Amayeza kuthamanga kwa magazi, kenako tiyi ndi buledi, kenako mayi wokolopa amatiuza tikweze miyendo ngakhale tagona kale pabedi. Akatha iwo ndiye amabwera madokotala, gulu, wamkulu patsogolo.

Pa bedi la kumanzere kwanga pali bambo amene aliyense amangowatchula kuti a Refa, chifukwa anali oimbira mpira. Ali ndi khansa ya m'mafupa ndipo wodi ino amaidziwa ngati kunyumba kwawo. Madokotala akatulukira pakhomo amati, "Matimu akulowa, achimwene, konzani jezi." Amasunga chivindikiro chachikasu cha majarini pansi pa pilo. Nesi akaphonya mtsempha amamuonetsa chivindikirocho mwaulemu wonse.

Adokotala a za magazi, mayi wamtali wolankhula motsitsa, andiuza zinthu ziwiri. Methotrexate ndisiye kuyambira lero. Mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa sandipatsa mpaka atadula kachidutswa ka chotupa kukapima. Akuti akandipatsa panopa, chomwe akufunacho chibisala ndipo opima sakaona kanthu.

Ndafunsa kuti nanga manja angawa.

"Apweteka, bambo. Sindikunamizani. Tikupatsani zochepetsa ululu, koma kutupako mupirire kaye."

Sindinafunse chomwe akufunacho.

Lachinayi, 8 Meyi

Zotsatira za magazi. TB palibe, HIV palibe. Magazi ndi ochepa, 8.9. Chizindikiro cha kutupa chomwe amachitcha CRP chili pa 142, pamene munthu wabwinobwino sapitirira 5.

Adokotala a za magazi anakoka mpando n'kukhala. Dokotala akakhala pansi, mtima umadziwiratu.

Ndinawafunsa chomwe chikundidya. Ndikulemba momwe ndinamvera.

Akuti m'thupi muli kapuloteni kamene ntchito yake ndi kupereka uthenga, dzina lake IL-6. Ukadzicheka kapena tizilombo tikalowa, kameneka ndiye kamaitana asilikali a m'thupi: bwerani kuno, chulukani, tenthetsani thupi. Pamalopo pamatupa, pamafiira, nkhondo imamenyedwa. Ikatha, kamayenera kukhala chete.

"Mwa inu sikakhala chete. Kakhala kakuitana zaka zonsezi, ndipo asilikali akafika m'mfundo n'kupeza palibe mdani, amamenya mfundo zomwezo. Nyamakazi yanu ndi imeneyo."

Ndinati ndiye zili ngati hutala yokanirira, galimoto yaima koma ikungolira. Anamwetulira pang'ono n'kuvomera. Akuti uthenga womwewo umafika ku chiwindi, n'chifukwa chake CRP yakwera. Umachititsa thupi kubisa ayironi, magazi n'kuchepa. Umapha chilakolako cha chakudya.

Akanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma anapitiriza.

"Pali asilikali ena amakhala m'timabere ta m'khosi ndi m'khwapa, muja mumatuluka mwanabere. Uthenga umenewu umawauza kuti chulukani, ndipo musafe. Akachulukana chaka ndi chaka osapuma, nthawi zina mmodzi amabadwa wolakwika. Wolakwikayo amayenera kufa yekha, koma uthenga ukumuuza kuti asafe. Ena mwa iwo amafika popanga okha uthengawo, kudzidyetsa okha."

"Mukunena khansa?"

"Ndikunena kuti tiyenera kuona ngati ili iyo. Mwina si iyo. Ndipo ngakhale itakhala iyo, kapuloteni kameneka sikakhala kokha kolakwa, pamakhala zambiri. Anthu ambiri a nyamakazi sadwala khansa."

Ndinafunsa kuti ndinalakwitsa pati. Anati palibe.

Atachoka, a Refa anati, "Kanga n'komweko, achimwene. Kwa ine kakudyetsa za m'mafupa. Ndiye kuti ndife apachibale." Ndinalephera kuseka.

Mkazi wanga wabwera masana atatseka saluni yake msanga, manja akununkhira mafuta a tsitsi. Wabweretsa msuzi wa nkhuku ndi malalanje. Ndamuuza za magazi ochepa ndi za ayironi. Zinazo ayi.

Loweruka, 10 Meyi

Zala zayamba kuuma. Batani la shati landitengera nthawi.

Kwabwera alamu, achimwene ake a mkazi wanga. Ndi munthu wabwino koma pakamwa palibe mabuleki. Anakula ndi mlongo wawo nyumba imodzi, komabe chinenero chamanja amangodziwa "idya" ndi "tiye". Anaika nthochi pakabati, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Alamu, mwatha. Kuntchito kwathu kunali munthu zinamuyamba chomwechi, zotupa m'khosi. Inali khansa. Sanamalize chaka."

Ananena mlongo wawo ali pomwepo akusenda lalanje, monga amachitira nthawi zonse, ngati akulankhula pamaso pa mpando. Mkazi wanga anandigwira phewa. "Akuti chiyani achimwene?"

"Akuti ndikuoneka bwinoko."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anandipatsa lalanje.

Mwana wathu, amene amagwira ntchito kutali, waimba foni madzulo. Ndi woyembekezera, mimba yake yoyamba. Naye ndamuuza za nyamakazi basi.

Lolemba, 12 Meyi

Sikani. Anandibaya mankhwala otentha m'mtsempha n'kundilowetsa m'makina. Mawu amati pumirani m'kati, gwirani mpweya. Ndinaganiza kuti mkazi wanga atalowa mmenemo sangadziwe nthawi yopuma.

Zotupa zilinso m'chifuwa ndi m'mimba. Mawa adula.

Kutentha 39.1.

Lachiwiri, 13 Meyi

Adula m'khosi. Ndinali maso, anangopha malowo. Ndinamva kukoka.

Cholembera chikuvuta kugwira.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndikulemba pang'onopang'ono, cholembera ndachikulunga bandeji kuti chinenepe.

Zala zatupa ngati masoseji, sizikupindika. Mkazi wanga atafika ndinafuna kumuuza kuti opaleshoni inayenda bwino. Dzanja linakwera koma mawu sanatuluke. Anati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Anapukusa mutu. Zili ngati kulankhula mkamwa mutadzaza madzi.

Tinakhala choncho. Iye amalankhula, ine ndimangogwedeza mutu, eya kapena ayi. Wandiuza za kasitomala amene anagona tulo akulukidwa, atadzuka n'kukana sitayilo yomwe anasankha yekha. Wandidyetsa ndi supuni.

Chikwatiranireni sitinakhalepo osalankhulana, ngakhale titayambana. Tikayambana ndiye manja amathamanga kwambiri.

Mankhwala ochepetsa kutupa akuti tidikirebe, labu itsimikize kuti kachidutswa kaja n'kokwanira.

Ndikuopa.

Lachisanu, 16 Meyi

Paracetamol kanayi pa tsiku, ndi ena a ululu m'mawa ndi madzulo. CRP 160.

A Refa sakudya. Miyendo yatupa, akuti impso zatopa. Koma pakamwa pakadali pamoyo. Titamwa tiyi anatembenuka movutika n'kundiyang'ana.

"Achimwene, ndinene? Amayi aja mumawanamiza."

Ndinati iwo chinenero chamanja sachidziwa, angadziwe bwanji.

"Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana anthu odzigwetsa dala kuti apeze penate. Sindifunika kumva chinenero. Adokotala amalankhula mtunda wonse, inu manja awiri atatu mwamaliza. Ndipo mukamawauza simuwayang'ana kumaso."

Ndinati ndikumuteteza. Wavutika kale mokwanira.

"Akazi anga ndinawabisira mpaka tsiku lomwe ndinagwa m'bafa. Matendawa anandikhululukira, kubisako ayi. Mpaka lero akabwera amayamba afunsa anesi, kenako ine."

Ndinayang'ana kusinki.

Lamulungu, 18 Meyi

Zomwe ndikuopa si ululu ayi. Ndimaganiza za kunyumba. Munthu akagogoda pakhomo, ndani adzamve? Madzi akamatayikira m'bafa? Galimoto ikamuimbira hutala kumbuyo? Akadzapita kukalandira mdzukulu kuchipatala, anesi atavala zophimba pakamwa, adzamuuza ndani kuti ndi mwamuna kapena mkazi?

Ndagwira m'khosi kambirimbiri lero. Chotsalacho chikuoneka ngati chakula. Mwina ndi maganizo chabe.

Lolemba, 19 Meyi

A Refa atisiya m'mawa uno, nthawi ya tiyi.

Anesi anakoka makatani. Ndimangoona mapazi awo pansi pa katani, akuthamanga, kenako akuyenda, kenako ataima. Akazi awo anafika atanyamula fulasiki. Mayi wokolopa ndi amene anawalandira fulasikiyo kuti isagwe.

Pofika masana bedi linali litapukutidwa, matiresi akuwala. Abweretsapo bambo wina wa shuga amene amangofunsa kuti chaja angalumikize pati.

Mkazi wanga anayang'ana bedilo, n'kundiyang'ana ine. Sanafunse. Anapita pawindo, anaima pamenepo nthawi yaitali atandifulatira. Kwa ife kufulatira ndiye kutseka makutu.

Kapuloteni kathu n'kamodzi, anatero a Refa tsiku lija. Mawu amenewo akungozungulira m'mutu.

Lachinayi, 22 Meyi

Zotsatira zabwera. Ndilemba zonse ngakhale dzanja likane.

Anatiitanira m'kachipinda kakang'ono kumapeto kwa wodi, muli tebulo, mipando ndi bokosi la tishu.

Ndinakhala moyang'anana ndi mkazi wanga monga timachitira, kuti aziona manja anga, ngakhale sindikudziwa kuti ndikanamasulira bwanji ndi zala zimenezi. Iye anaimirira. Anatenga manja anga onse awiri, anawaika pamiyendo panga mosamala, n'kusanjikapo chikwama chake. Kenako anakoka mpando wake mpaka pamaso pa adokotala. Analoza chophimba pakamwa chawo kuti achotse. Analemba pafoni n'kuwaonetsa. Ndinawerenga cham'mbali: "Lankhulani ndi ine. Pang'onopang'ono. Pomwe sindikumva mujambule."

Adokotala anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu.

Anachotsa chophimbacho n'kunena momveka, akumuyang'ana iye, "Ndi khansa."

Kuchokera pamenepo sindinamve kanthu. M'makutu munangoti ngwii. Ndimaona milomo ya adokotala ikuyenda, dzanja lawo likujambula timizere tozungulira papepala, mkazi wanga akulemba pafoni, iwo akuyankha, iye akulozanso papepala. Ndimayang'ana zipi ya chikwama. Ndimaganiza za mapazi aja pansi pa katani. Sindikudziwa kuti tinakhalamo nthawi yaitali bwanji.

Titabwerera pabedi anakoka katani, anakhala pamphepete, n'kundigwira chibwano kuti ndimuyang'ane.

"Mwamva zomwe anena?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye penyani kuno."

Wandifotokozera zonse, pang'onopang'ono, ngati mmene ndimachitira ndi wophunzira amene wazimitsa galimoto pakati pa msewu. Ndi khansa ya asilikali aja a m'timabere, dzina lake limfoma. Ndi ya mtundu wothamanga, koma wothamangawo ndi umene umamva mankhwala. Si yofanana ndi ya a Refa, anafunsa zimenezo mwachindunji. Mankhwala ndi a m'diripi, maulendo asanu ndi limodzi, kamodzi pa masabata atatu alionse. Amodzi mwa iwo, rituximab, amachotsa mtundu wa asilikali amene asokonekerawo, ndipo poti a mtundu womwewo ali nawo m'gulu lozunza mfundo zanga, nyamakazi nayo ikhoza kugonako. Anafunsa ngati sangangotseka pakamwa kapuloteni kaja. Akuti mankhwala otero alipo ndipo amathandiza nyamakazi, koma apa khansa yaima kale payokha, kutseka uthenga sikungaichotse. Ndidzasanza, ndidzafooka, matenda ena azidzandilowa mosavuta. Ambiri amachira. Ena sachira. Adokotala sanalonjeze.

Atamaliza manja ake anagwera pamiyendo. Kenako anawakwezanso.

"Ndinadziwa tsiku lomwe anabwera achimwene. Mawu akuti khansa ndi osavuta kuwerenga pamilomo. Inu munati akuti mukuoneka bwino."

Ndinayesa kukweza dzanja. Analibweza.

"Sindinamalize. Kwathu ankandibisira. Amayi atadwala ndinadziwa mochedwa kuposa oyandikana nawo nyumba. Anthu amaseka, ndikafunsa amati palibe kanthu. Munthu mmodzi yekha amene ankandiuza zonse, ngakhale zopusa, ngakhale zomwe anena pawailesi, munali inu. N'chifukwa chake ndinakulolani. Masiku onsewa ndimapita kunyumba kukalira ndekha, m'mawa n'kubwera kudzanamizira kuti ndakukhulupirirani."

Ndinalira. Sanandipukute. Anadikira mpaka nditasiya, kenako anatsegula kontena n'kunena kuti mpunga wazizira koma ndidya basi.

Lachisanu, 23 Meyi

Prednisolone ayamba lero, mapiritsi ambiri nthawi imodzi m'mawa, owawa. Ayeza mtima kuti aone ngati ungapirire mankhwala a m'diripi. Akuti uli bwino. Atenganso magazi a chiwindi.

Mkazi wanga wabwera, wandisambitsa kumaso, wasintha pilo. Wacheza ndi anesi kudzera pafoni yake, mpaka kuseka nawo. Ine wandiuza zofunika zokha.

Ndimayesa ndikadzadziwa dzina la matenda mantha adzachepa. Sanachepe. Angosintha malo, achoka m'khosi apita m'mimba.

Lamulungu, 25 Meyi

Kutentha 37.2. Zofunda zinali zouma m'mawa. CRP yatsika kufika 61. Zala zaphwa, makwinya abwerera pamfundo. Ndadya buledi yense mpaka kupempha wa bambo wa shuga uja, poti iye saloledwa wambiri.

Mkazi wanga atalowa ndinakweza manja n'kunena kuti pepani. Anatuluka bwinobwino, mawu anga oyamba chiyambire kutupa.

Anayang'ana zalazo, anazigwira chimodzichimodzi ngati akusankha tomato.

"Ndamva. Koma simunamalize. Mwana sakudziwa."

Ndinati ali ndi pakati, tisamudzidzimutse, tidikire mwina abereke kaye.

"Mwayambanso."

Ndinati mawa.

"Mawa ndibwera ndi chaja, timuimbire."

Ndamufunsanso zomwe zakhala zikundisowetsa mtendere, kuti ine ndikapita adzakhala bwanji. Anakwinya nkhope ngati ndamufunsa zachibwana.

"Ndidzaika belu loyatsa getsi, ngati la mnzanga uja. Musadzitame, si inu nokha makutu padziko. Ine sindikufuna makutu anu. Ndikufuna inu. Imwani mankhwala."

Lolemba, 26 Meyi

Tamuimbira foni mwana masana, wodi itakhala phee anthu atadya. Mkazi wanga anaimba yekha nambala, anandiika foni pakhutu, n'kukhala pafupi kwambiri, maso ali pamilomo panga.

Mwana anayankha ali kuntchito. Ndinayamba ndi moni, ndinafunsa za miyendo yake ngati ikutupabe, za amuna ake, za mvula. Mkazi wanga ananditsina pabondo.

"Mwanawe, khala pansi kaye. Zotsatira zatuluka. Ndili ndi khansa."

Mkazi wanga anagwedeza mutu kamodzi.

Kumbali inayo kunamveka kamawu kakang'ono, ngati ali mwana wa sukulu, "Adadi, mufa?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ayi. Maso aja anali pomwepo. Ndinati sindikudziwa, adokotala akuti ambiri amachira, ndipo mankhwala ndiyamba mawa. Ndinati ndikuopa.

Analira, nanenso ndinalira. Kenako anati, "Tsegulani kamera, ndikufuna amami."

Tinaimika foni pa jagi ya madzi. Awiriwo akamalankhula manja amathamanga moti ine, amene ndinaphunzira ndili wamkulu, ndimatsalira. Ndinagwirako zoti abwera Lachisanu, amayi ake akumukaniza kukwera basi ndi mimba imeneyo, iye akuti abwera basi. Amayi ake anamufotokozera za kapuloteni kaja, za diripi, za kusanza, mpaka anafika poti tsitsi lidzathothoka. Mwana anaima, anapukuta misozi, anasuzumira pakamera kuyang'ana dazi langali.

"Tsitsi lake liti?"

Mkazi wanga anaseka mpaka bambo wa shuga anadzuka. Ine ndaseka mpaka ulusi wa m'khosi wakoka.

Madzulo ano nesi wabwera kudzayang'ana mitsempha, kukonzekera za mawa. Akuti diripi yoyamba imayenda pang'onopang'ono, tsiku lonse, ndipo azidzandiyang'anira pafupi chifukwa ena thupi limakana, amanjenjemera kapena kubanika. Ndafunsa ngati mkazi wanga angakhale nane mpaka ithe. Akuti angathe.

Nesiyo anagwira dzanja langa lamanja n'kuyamba kusisita pamwamba pake, akuti apa pali mtsempha wabwino. Ndamupempha kuti afufuze kumanzere, ngakhale pakhale povuta, ngakhale abaye kawiri. Lamanjali ndi lolankhulira, ndipo mawa chilichonse chimene ndidzamve m'thupi ndidzamuuza.